Usiku Womaliza pa Msewu Wathu ku Kiruna

Makatoni afika mpaka pakhomo.
Mawa lole ya kampani idzatinyamula,
poti mgodi wadya nthaka pansi pa tauni
ndipo nyumba zayamba kupendekera kudzenje.

Bambo anga, a Sixten, anakoka nthambo za magetsi mumgodimo
zaka makumi atatu ndi zinayi.
Azakhali, a Gunvor, anaphunzitsa sayansi kusekondale
mpaka choko chinawalowa m'zikhadabo.
Akhala pa makatoni awiri, khofi pakati,
ndipo ayambiranso mkangano umene unabadwa ine ndisanabadwe.

"Suzumira pawindo," akutero bambo.
Kunja, pamwamba pa chipale chofewa,
thambo layanika nsalu zobiriwira
zimene zikuvina popanda mphepo.
"Ndi mpweya wa dzuwa umenewo, wodzala magetsi,
wakodwa m'maginito a dziko.
Kwecha chipeso pa juzi, chinyamula kapepala.
Dziko lonseli likukokera kapepalako pansi,
koma chipeso cha makobidi awiri n'kupambana.
Ndiye undiuze kuti kamphamvu kofooka chotero
ndiko kanaluka milalang'amba?
Zithunzi ndaziona ine:
ulusi wopotana, ngati nthambo zanga zomwe."

Azakhali akuuzira khofi, sakufulumira.
"Magetsi ako ndi chimphona, sindikukana.
Koma anabadwa mapasa, wokoka ndi wokankha,
ndipo akakumana amathetsana,
n'kukhala phee ngati ngongole yobwezedwa.
Kulemera kulibe m'bale wokutsutsa.
Fumbi likoka fumbi.
Mwala ukoka mwala.
Pang'onopang'ono ndi mtolo, mlongo wanga,
mpaka mtolowo wapsinjika, wayaka, wasanduka nyenyezi."

"Nanga masamu anu atakana kukwana munatani?
Munapeka chinthu chakuda, chosaoneka,
n'kuchiponya pasikelo.
Kumgodi tikadati n'chinyengo."

"Kumgodi agogo ako anadziwa kuti phiri lili ndi chitsulo
asanakumbe n'komwe,
singano ya kampasi itapotoka.
Ifenso kuwala kochokera kutali kukapindika panjira
timati pamenepo pagona cholemera.
Ndipo kafungo ka kutentha kwa chiyambi, kotsala m'thambo monse,
tinakayeza, masamu n'kugwirizana.
Ako ali kuti?"

Bambo akutsokomola.
Akuti khofi wazizira.

Nthawi itapitirira wani koloko, mgodi uphulitsa miyala
monga umachitira usiku uliwonse.
Pansi panjenjemera, makapu alira.
Msomali umene unkagwira chithunzi cha malemu amayi
wazuka pakhoma,
wagwa,
wagubuduzika pang'onopang'ono
kulondola mng'alu wa m'khichini, mbali ya kudzenje.
Azakhali angoulozera ndi chibwano.

Bambo adzuka, mawondo akulira,
achotsa kamaginito kooneka ngati nsomba pachitseko cha firiji,
awerama.
Msomali wadumpha wokha, thi!
Akuukweza m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Msomali umodzi," akutero azakhali.
"Tauni yonse ikupita uko."
Kenaka, motsitsa mawu, akuyang'ana masokosi awo:
"Komabe thabwa limene landigwira phaziri
kuti ndisamire mpaka pakati pa dziko,
ndi magetsi ako amenewo.
Usakanene kwa anzako."

Ine ndimayendetsa basi, za milalang'amba sindizidziwa.
Ndikudziwa kuti anthu awiriwa sanagwirizanepo kanthu,
ngakhale nyimbo ya pamaliro a amayi,
ndipo palibe Lamlungu limene anadyera kosiyana.
Chimene chawasunga mozungulirana chonchi
sindinachipezere dzina.

Ndatenga msomali uja ndauika m'thumba la jekete.
Kunyumba yatsopano makoma ndi osalala, oongoka,
sanamvepo mawu a munthu.
Kunja nsalu zija zafiira m'mphepete.
Bambo akufunafuna katoni ya makapu ena,
azakhali akuwauza kuti akuyang'ana yolakwika.